Mtunda wa ulendo wa pandege ukamasemphana: pomwe pamavuta ndi mmene mungakonzere

Pakatha miyezi itatu iliyonse, ku ofesi kwathu kuno ku Mzuzu kumabuka mkangano womwewomwewo. Anthu amene amatithandiza ndi ndalama ali ndi fomu yofuna kuti tilembe makilomita onse amene antchito athu auluka pandege, ati n'cholinga choti awerengere utsi umene maulendowo atulutsa. Fomuyi imagwera ine. Tsiku lina ndinalandira manambala atatu a ulendo umodzi, wochokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg. Mayi a ku akaunti analemba 925. Adalaivala athu, amene msewu wa ku Joni anaupondaponda ali mnyamata, anati sungachepere 1,800. Abwana anangotulutsa mutu pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, lembani 800, ndi zomwe ndinaona pa kasikirini ka m'ndege."

Panalibe ananama. Koma nambala imene fomuyo inkafuna inali pafupifupi 1,490.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikukonzera anthu vutoli: anzanga a m'maofesi ena, ophunzira a jogalafe, ngakhale m'bale wanga wina wa ku Chibavi amene ankakangana ndi kampani yotumiza katundu. Nambala ikasemphana, kawirikawiri kompyuta siinalakwe. Chalakwika ndi chimene mwaifunsa kapena chimene mwailembera.

Yambani mwafunsa kuti akufuna mtunda uti

Safunsa anadya phula. Pakati pa mabwalo awiri a ndege pali mitunda itatu, ndipo anthu amaitchula ndi dzina limodzi. Woyamba ndi wachidule kwambiri, wongolunjika pamwamba pa dziko popanda kukhota. Pa intaneti mudzaupeza ukutchedwa great circle. Uwu ndi umene mafomu ambiri amafuna. Wachiwiri ndi umene ndege yaulukadi tsiku limenelo, womwe umatalikirapo nthawi zonse chifukwa ndege imanyamuka motsutsana ndi mphepo, imakhota, imatsata njira zake za mumlengalenga, imazemba mitambo ya mvula ya mabingu, mwinanso kuzungulira kudikira kuti ipatsidwe mpata wotera. Wachitatu ndi wa pamsewu, umene adalaivala athu aja anali nawo m'mutu, wodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge.

Wa pamsewuwu ndi umene umagwetsa anthu ambiri, chifukwa mukalemba mayina awiri pa Google Maps n'kupempha njira, imakupatsani wa galimoto. Kuchokera pabwalo la ndege la Mzuzu kukafika pa Kamuzu International Airport, mzere wolunjika ndi makilomita pafupifupi 262. Koma aliyense amene anakwerapo basi ya usiku kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu ndi Mponela amadziwa kuti mpaka mutauni ya Lilongwe mtunda wake umapitirira 350.

Kuti Google Maps ikupatseni wolunjika, pa kompyuta dinani batani la kumanja la mausi pabwalo loyamba, musankhe Measure distance, kenako mudine pabwalo lachiwiri. Pafoni, gwirani chala pamalopo mpaka patuluke kachizindikiro kofiira, tsegulani tsatanetsatane wa malowo, ndipo mupeza mawu omwewo. Vuto la pafoni n'loti chala chikaterereka mumawonjezera mfundo yachitatu osazindikira, mzere n'kukhala ndi bondo. Mukaona mzere wathyoka penapake, fufutani muyambirenso. Ngati bandulo ikulola, tsamba la Great Circle Mapper n'losavuta kuposa zonsezi: mumangolemba zilembo za mabwalo awiriwo, monga LLW-JNB.

Nambala n'njolondola, muyeso ndi wina

Apa ndi pamene panagona mkangano wa mayi a ku akaunti ndi abwana. Mailosi ya pamtunda, imene agogo athu ankawerengera mitunda kale, ndi makilomita 1.609. Mailosi ya oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi, imene imalembedwa nm, ndi makilomita 1.852. Choncho makilomita 1,490 ndi mamailosi pafupifupi 925 a pamtunda, komanso ndi 800 ndi pang'ono a oyendetsa ndege. Ulendo umodzi, manambala atatu.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Tengani nambala yaikulu muigawe ndi yaing'ono. Yankho likayandikira 1.6, wina wagwiritsa ntchito mamailosi a pamtunda. Likayandikira 1.85, ndi nm. Likakhala 1.15, ndiye kuti onse awiri akunena mamailosi koma amitundu yosiyana. Masamba ambiri a ku America amayamba ndi mamailosi, ndipo kachilembo ka mi kamakhala kakang'ono moti pafoni ya galasi losweka simukaona.

Mwayeza kuchokera pabwalo liti?

Dzina la mzinda si dzina la bwalo. Kamuzu International Airport ili ku Lumbadzi, makilomita opitirira 20 kumpoto kwa tauni, moti ife ochokera ku Mzuzu timafika pamphambano yake tisanalowe mu Lilongwe. Mukangolemba kuti Lilongwe, mapu amakuikani pakati pa tauni, ndipo pa ulendo waufupi ngati wa ku Mzuzu kusiyanako kumaoneka. Kuno kwathu vuto limeneli n'lochepa poti bwalo lathu lili m'tauni momwemo, anthu a kabaza amadutsa m'mbali mwake tsiku ndi tsiku.

Kunja ndiye kumasokoneza zedi. Johannesburg ili ndi OR Tambo komanso Lanseria. Nairobi ili ndi Jomo Kenyatta komanso Wilson. London ili ndi Heathrow, Gatwick ndi ena. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito zilembo zitatu zimene zalembedwa pa tikiti komanso pa kapepala kamene amamata pachikwama. Mzuzu ndi ZZU, Lilongwe ndi LLW, Chileka ndi BLZ, Karonga ndi KGJ, Likoma ndi LIX, OR Tambo ndi JNB, Addis Ababa ndi ADD, Heathrow ndi LHR. Taonani kuti Mzuzu sayamba ndi M. Ambiri amangopeka zilembo zoyamba ndi M, tsamba n'kuwapatsa bwalo la kutsidya kwa nyanja, iwo n'kukopera nambalayo mosakayika.

Mabwalo ang'onoang'ono ena sapezeka pa zilembo zitatuzi. Pamenepo yesani zilembo zinayi zimene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito. Za m'Malawi zonse zimayamba ndi FW: Mzuzu ndi FWUU, Kamuzu International ndi FWKI, Chileka ndi FWCL.

Mzere wapindika pamapu, kodi walakwika?

Ayi. Mapu ambiri amene tinakula tikuwaona pakhoma la kalasi anatengera kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka m'chaka cha 1569, kamene kamafutukula mayiko akutali ndi equator, mzere wogawa dziko pakati kukhala kumpoto ndi kummwera. N'chifukwa chake Greenland imaoneka ngati ikulingana ndi Africa, chonsecho Africa imaposa Greenland kukula maulendo pafupifupi 14. Dziko n'lobulungira, pepala n'lafulati, ndiye njira yachidule ikajambulidwa papepala imaoneka ngati uta.

Mwana wa mlongo wanga atandivuta ndi funsoli, ndinatenga lalanje ndi ulusi wosokera. Ndinabaya timitengo tiwiri ta machesi pakhungu la lalanjelo, n'kumuuza kuti akoke ulusi pakati pake mpaka ukungike. Ulusi wokungika sungadzere kwina koma njira yachidule. Titasenda khungulo n'kuliyala patebulo, linang'ambika m'mbali, ndipo iye anaona yekha chifukwa chake rula siingagwire ntchito pamapu a dziko lonse. Pamapu a Malawi yekha rula ndi sikelo zimakupatsani yankho loyandikira ndithu, poti dziko lathu n'laling'ono komanso lili kufupi ndi equator. Koma osayesa kuyeza nazo ulendo wa ku London kapena ku Beijing.

Mukamawerengera nokha pa Excel

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinapsa ine mwini. Maulendo akachuluka, kutsegula tsamba la intaneti pa ulendo uliwonse kumatopetsa, ndipo magetsi akazima netiweki nayo imayamba kunyinyirika. Choncho ndinakonza kafayilo kanga. Bwalo lililonse lili ndi manambala awiri: latitude, yosonyeza kuti lili kumpoto kapena kummwera motani, ndi longitude, yosonyeza kummawa kapena kumadzulo. Mzuzu ndi -11.44 ndi 34.01. Kamuzu International ndi -13.79 ndi 33.78. Addis Ababa ndi 8.98 ndi 38.80.

Excel siiwerenga madigiri pa SIN ndi COS, imafuna muyeso wina wotchedwa radians. Chulukitsani nambala iliyonse ndi 0.0174533 musanayambe. Mukatero, ikani latitude ndi longitude za bwalo loyamba mu A2 ndi B2, za lachiwiri mu C2 ndi D2, ndipo mulembe:

=6371*ACOS(SIN(A2)*SIN(C2)+COS(A2)*COS(C2)*COS(D2-B2))

6,371 imeneyo ndi makilomita ochokera pakatikati pa dziko kufika pamwamba pake. Mukaiwala kusintha madigiri kupita ku radians, yankho limatuluka lopenga moti mumadziwa nthawi yomweyo. Zolakwa zoopsa ndi zimene zimatulutsa nambala yooneka ngati yanzeru.

Choyamba mwa izo ndi kamzere ka kuchotsera. Malawi ali kummwera kwa equator, ndiye latitude yathu iyenera kukhala ndi kamzereko kutsogolo. Ine ndinakaiwala pa mabwalo onse. Chodabwitsa n'choti kwa miyezi ingapo palibe chinaoneka, chifukwa mabwalo onse awiri akakhala kummwera, n'kuiwala kamzereko pa onse awiri, yankho limatuluka lolondola. Lilongwe ndi Blantyre zinkatuluka 246, Lilongwe ndi Johannesburg 1,490, ine n'kumadzitama. Tsoka linafika pamene mnzathu wina anapita ku msonkhano ku Addis Ababa, komwe ndi kumpoto kwa equator. Fayilo inandipatsa makilomita osafika 800. Ndinalemba, ndinasainitsa, fomu inapita. Patatha sabata inabwerera ndi funso laulemu koma lobaya: kodi Addis Ababa yasamukira kufupi ndi Mbeya? Mtunda weniweni ndi pafupifupi 2,600. Choncho mukakonza fayilo yotere, iyeseni ndi ulendo umodzi wodutsa equator musanaikhulupirire. Ndipo ngati mukufuna kuona ndi maso, lembani 11.44, 34.01 pa Google Maps popanda kamzereko. Mudzapezeka muli ku Sudan.

Chachiwiri ndi madigiri ndi mphindi. Mabuku ena amalemba latitude ya Mzuzu motere: 11°26′41″. Munthu wofulumira amalemba 11.26, koma si zimenezo. Digiri imodzi ili ndi mphindi 60, osati 100, monga mmene ola lilili. Gawani 26 ndi 60, 41 mugawe ndi 3,600, muphatikize ku 11, mupeza 11.44. Mukalakwa chotere pa mabwalo a Mzuzu ndi Lilongwe, mumapeza pafupifupi 253 m'malo mwa 262. Kusiyana kwake n'kochepa moti palibe angakutsutseni, ndipo n'chifukwa chake cholakwachi chimakhalitsa m'mafayilo a anthu. Njira yochigwirira: yang'anani manambala onse a kuseri kwa dontho. Ngati pamndandanda wonse palibe ndi imodzi yomwe yopitirira 59, kayikirani, wina anangokopera mphindi.

Chachitatu ndi kusinthanitsa. Mapulogalamu ena amayamba ndi longitude, ena latitude. Mukatembenuza za Mzuzu, bwalo lathu limakagwera m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Kumbukirani kuti m'Malawi nambala yaing'ono yokhala ndi kamzere, ya pakati pa 9 ndi 17, ndi latitude; ya m'ma 32 mpaka 35 ndi longitude.

Ndiye pali kavuto ka malaputopu amene abale athu amatibweretsera kuchokera ku Joni. Ambiri amabwera atatcheredwa mwa ku South Africa, komwe pamalo pa dontho amalemba koma. Mukaikamo 11.44, Excel imaiona ngati mawu osati nambala, n'kukulemberani #VALUE!. Mudzazindikira poona kuti nambalayo yakhala kumanzere kwa bokosi m'malo mwa kumanja. Sinthani madontho akhale makoma, kapena pitani ku Region mu Windows mukasinthe chizindikirocho.

Kuyesa yankho ndi mutu wokha

Kanthu kamodzi kamene ndikanakonda ndikanakadziwa kale ndi aka: digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, kulikonse padziko. Dziko lathu n'lalitali kuchokera kumpoto kupita kummwera, ndiye maulendo ambiri mungawayerekeze ndi nambala imeneyi yokha. Kuchoka pa 11.44 kufika pa 13.79 ndi madigiri 2.35. Kuchulukitsa ndi 111 ndi 261. Mwafika kale pa 262 uja popanda kompyuta. Mzuzu ndi Karonga zasiyana digiri imodzi ndi theka, ndiye yembekezani makilomita 166 kapena kupitirira pang'ono. Lilongwe ndi Addis Ababa, poti wina ali kummwera wina kumpoto, mumaphatikiza: 13.79 ndi 8.98 ndi madigiri pafupifupi 23, kutanthauza kuti mtunda sungachepere 2,500. Ndikanachita kasamu aka ka mphindi imodzi, fomu ija sikanabwerera.

Pa longitude samalani, chifukwa mizere yake imayandikirana mukamapita kumapeto a dziko. Kuno kwathu digiri ya longitude ndi makilomita pafupifupi 106 mpaka 110, koma ku London ndi pafupifupi 69 okha.

Masamba awiri akasiyana ndi makilomita asanu kapena khumi pa ulendo wa masauzande, musataye nthawi. Ena amawerengera ngati dziko ndi mpira wobulungira bwinobwino, ena amaganizira zoti n'lophwatalala pang'ono kumtunda ndi kumunsi. Kusiyanako sikufika gawo limodzi pa 100. Sankhani tsamba limodzi, muzigwiritsa ntchito lomwelo chaka chonse.

Ulendo wosintha ndege panjira

Wochokera ku Lilongwe kupita ku London amasintha ndege penapake, ndipo apa anthu amachepetsa mtunda mosadziwa. Mzere wolunjika wa LLW ndi LHR ndi makilomita pafupifupi 8,000. Wodzera ku Addis Ababa amauluka 2,600 kenako 5,900, zonse pamodzi 8,500. Wodzera ku Johannesburg amayamba wabwerera kummwera, ndipo ulendo wake umapitirira 10,500. Yezani chigawo chilichonse pachokha, muphatikize. Pa Great Circle Mapper mutha kungolemba LLW-ADD-LHR.

Onaninso bwino tikitiyo. Ndege ina imakhala ndi nambala imodzi kuchokera poyambira mpaka pothera koma imatera panjira kutsitsa ndi kukweza anthu, monga zimachitikira ndi maulendo ena odzera pa Chileka. Pa tikiti mawu oti direct satanthauza kuti siitera paliponse. Osatera panjira amalemba nonstop. Funsani amene anayendayo kuti anatera kangati. Ndipo ngati anabwerera, musaiwale kuwerengera kubwerako, koma muyambe mwatsimikiza kuti anabwerera njira yomweyo.

Maola a pa tikiti sakugwirizana ndi mtunda

Ena amafuna kupeza mtunda pochulukitsa maola ndi liwiro la ndege. Njirayi imanamiza. Nthawi za pa tikiti ndi za kumalo kumene bwalolo lili. Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, koma Ethiopia, Kenya ndi Tanzania ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndiye ulendo wopita ku Nairobi umaoneka wotalika ndi ola, wobwera n'kuoneka wofupika ndi ola. London imakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri m'miyezi yawo yozizira, ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha. Kuwonjezera apo, nthawiyo imayamba kuwerengedwa ndege ikangosuntha pamalo okwerera, ndiye mphindi zoyenda pansi ndi zodikira pamzere zili momwemo. Mphepo nayo ili ndi mbali yake: kumwamba kwambiri imakonda kuomba kuchokera kumadzulo, choncho pa maulendo aatali wopita kummawa amafika msanga kuposa wobwerera, mtunda uli womwewo.

Ngati chimene akufuna ndi njira imene ndege inadutsadi, pitani pa tsamba la Flightradar24 ndi nambala ya ndegeyo komanso tsiku lake. Chitani zimenezi ulendo ukangotha, chifukwa za masiku akale kwambiri amafuna mulipire.

Manambala onsewa ndi a fomu, a kalasi ndi a mkangano wa pa tiyi. Woyendetsa ndege sawerengera mafuta ake pa mzere wolunjika. Amaganizira mphepo, bwalo lina loti akatere ngati loyamba lakanika, ndi mafuta apadera odikirira. Ife a ku Mzuzu timadziwa mmene chifunga chimakutira mapiri a Viphya mmawa, ndipo sitinaiwale za pa 10 June 2024, pamene ndege yochokera ku Lilongwe kubwera kuno inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kutenga miyoyo ya Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Makilomita 262 papepala ndi ochepa, koma wina akakufunsani mtunda chifukwa akukonza zobwereka kandege kopita ku Likoma kapena ku Nyika, mutumizeni kwa eni ndegeyo.

Pa fomu yathu ija, masiku ano ndinawonjezera mabokosi atatu amene aliyense wobwera ku ulendo amadzaza asanandipatse mapepala ake: zilembo za mabwalo onse amene anaterapo motsatana, ngati anabwerera njira yomweyo, ndi chithunzi cha tikiti. Mtunda ndimawerengera ndekha, m'makilomita, ndipo pansi ndimalemba kuti ndi wolunjika. Abwana amabwerabe ndi manambala awo a pa kasikirini ka m'ndege. Ndimawalandira ndi manja awiri, n'kuwachulukitsa ndi 1.852 iwo atatuluka.